Mgodi wa Groverake ndi miyala ya ku Weardale: mafunso ndi mayankho

Kumpoto kwa England, m'dera la County Durham, kuli chigwa cha mtsinje wa Wear chimene amachitcha Weardale. Mukadutsa mudzi wa Rookhope n'kumakwera chakumtunda, mumaona nsanja yachitsulo itaima pakati pa udzu ndi nkhosa. Nsanjayo ndi ya mgodi wa Groverake, umene unatsekedwa mu 1999. Unali mgodi waukulu womaliza kukumba fluorite m'mapiri onse a North Pennines. Mafunso ali m'munsiwa akukhudza zimene zinali pansi pa nsanjayo, ndiponso chimene chinachititsa kuti zipezeke pamenepo osati pena.

Kodi fluorite ndi mwala wanji?

Ndi calcium wophatikana ndi fluorine, ndipo asayansi amalemba kuti CaF2. Anthu a m'migodi ndi a m'mafakitale amangoti fluorspar, kapena spar basi. Akapeza mpata wokulira momasuka amapanga timabokosi ta mbali zisanu ndi imodzi, tosalala moti munthu amakayika ngati sitinadulidwe ndi makina. Wa ku Weardale amadziwika ndi mapasa: timabokosi tiwiri timakula molowana, ngodya ya kamodzi itatulukira pankhope ya kanzake.

Fluorite wopanda chosakaniza alibe mtundu, amaonekera ngati galasi. Koma wotere ndi wosowa. Wambiri wa ku Groverake ndi mgodi woyandikana nawo wa Frazer's Hush ndi wa pepo. Kwina m'chigwa chomwecho kuli wobiriwira ndi wachikasu. Si mwala wolimba ayi. Pa muyeso wa Mohs, umene umayambira 1 kulekeza 10, ali pa 4, ndiye mpeni umamukanda. N'chifukwa chake osula mphete samukonda ngakhale ali wokongola chotere: sachedwa kukalika ndi kubenthuka.

Ankamukumbiranji?

Poyamba inali nkhani ya chitsulo. Mukathira fluorite mu ng'anjo, zonyansa zimene zimayandama pamwamba pa chitsulo chosungunuka zimasanduka zamadzimadzi, n'kumachoka mosavuta. Georgius Agricola wa ku Germany analemba za ntchito imeneyi mu 1530, koma msika weniweni unabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, mafakitale a zitsulo atakula ku Consett ndi ku Teesside, kufupi ndi Weardale komweko.

Kenako kunabwera msika wa mankhwala. Fluorite woyeretsedwa mpaka kufika 97 peresenti amamuphika ndi asidi wa sulphur kuti apeze asidi wa hydrofluoric. Asidi ameneyu ndiye gwero la mpweya wa m'mafiriji, la zokutira mapoto kuti chakudya chisamamatire, la mankhwala osungunulira aluminiyamu, ndi la zina zimene zimalowa m'mabatire a lithium.

Nanga bwanji mbiri ya ku Weardale imangokamba za mtovu?

Chifukwa kwa zaka mazana ambiri chuma chinali mtovu, ndipo fluorite anali zinyalala. Nthaka ndi zonse za pansi pake zinali m'manja mwa Bishopu wa ku Durham, amene ankabwereketsa migodi. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1600 banja la Blackett, kenako la Beaumont, ndilo linkakumba mbali yaikulu ya chigwachi. Ankafuna galena, mwala wolemera wotuwa umene umatulutsa mtovu ndi siliva pang'ono. Fluorite ankatuluka naye limodzi, ndipo anyamata aang'ono ankakhala tsiku lonse m'madzi ozizira kulekanitsa ziwirizi. Spar ankakatayidwa kudzala, kapena kukwiriridwa m'mapanga okumbidwa kale.

Cha m'ma 1880 mtengo wa mtovu unagwa chifukwa cha wotchipa wochokera ku Spain ndi maiko ena. Mabanja ambiri anasamuka, ena mpaka ku America ndi ku Australia. A Beaumont anasiya migodi, ndipo mu 1883 kunabadwa Weardale Lead Company. Apa ndi pamene zinthu zinatembenuka. Osungunula zitsulo anayamba kufunsa za spar, anthu n'kubwerera kumadzala a agogo awo kukafukula zimene zinatayidwa. Groverake, umene pa mtovu sunali mgodi wotchuka, unadzakula chifukwa cha fluorite, makamaka uli m'manja mwa kampani ya zitsulo ya British Steel.

Ngakhale pa nthawi imene spar analibe mtengo, okumba ankatola timiyala tokongola, timene ankatitcha bonny bits, n'kupita nato kwawo. Madzulo ankatimata m'mabokosi amatabwa okhala ndi galasi kutsogolo ndi akalilole mkati, mpaka bokosilo lioneke ngati phanga, mwinanso msewu wa m'tauni. Mabokosi amenewa alipo ambiri ku nyumba yosungirako zakale ya Killhope, kumtunda kwa chigwachi.

Mwala wa laimu, umene uli m'mapiri a ku Weardale, umapangika m'nyanja. Unafika bwanji pamwamba pa mapiri ozizira chonchi?

Zaka pafupifupi 330 miliyoni zapitazo, m'nyengo imene akatswiri amaitcha Carboniferous, dziko limene lero ndi Britain linali kufupi ndi equator, litamira m'nyanja yosaya ndi yofunda. M'madzimo munali makorali, nkhono za mitundumitundu ndi tinyama tina tooneka ngati maluwa a paphesi totchedwa crinoid. Zikafa, zigoba zake zinkaunjikana pansi, ndipo mulu umenewo ndiwo unauma n'kukhala laimu.

Nyanjayo sinkakhazikika. Mitsinje ikuluikulu yochokera kumpoto inkabweretsa matope, kenako mchenga, mpaka pamene panali nyanja pankasanduka dambo la mitengo. Kenako madzi ankakweranso n'kumiza zonse. Zimenezi zinachitika mobwerezabwereza, ndiye mukayang'ana phiri la ku Weardale chapatali mumaona kuti ndi lamasitepe. Pansi pali laimu, pamwamba pake thanthwe la dongo, kenako thanthwe la mchenga, nthawi zina kamzere ka malasha, kenako laimu winanso. Matanthwe olimba amatulukira kunja, ofewa amakokoloka n'kumera udzu.

Mwa malaimu onsewa wamkulu ndi Great Limestone, wochindikala pafupifupi mamita 20. Mkati mwake, kufupi ndi mudzi wa Frosterley, muli mzere wakuda wodzaza ndi makorali oyera a mtundu wa Dibunophyllum. Akaupukuta umanyezimira, makoraliwo n'kumaoneka bwinobwino ndi timizere tawo tochokera pakati. Amautcha Frosterley Marble, ngakhale kuti ndi laimu wamba amene sanapsepo ndi moto wa pansi. Nsanamira zowonda zakuda za m'tchalitchi chachikulu cha Durham Cathedral anasema ku mwala umenewu zaka zoposa 700 zapitazo.

Ndiye fluorite analowa bwanji mu laimu?

Apa ndiye pagona nkhani. Munthu akangoyang'ana timabokosi tonyezimira osayang'ana thanthwe limene tinamerapo, waphonya zambiri.

Matanthwe aja atauma, dziko linagwedezeka ndipo anang'ambika. Cha m'ma zaka 295 miliyoni zapitazo chiphalaphala chotentha chinalowerera pakati pawo n'kuuma, n'kukhala thanthwe lakuda lolimba lotchedwa Whin Sill, limene lili pa mathithi a High Force komanso pansi pa mbali ina ya khoma la Hadrian, limene anamanga Aroma akale. Pambuyo pake m'ming'alu munayamba kuyenda madzi amchere kwambiri, otentha pakati pa madigiri 100 ndi 200, atasungunula mtovu, zinc, chitsulo, barium ndi fluorine. Tikudziwa za kutentha ndi mchere wake chifukwa timadontho ta madzi omwewo tinatsekeredwa mkati mwa fluorite, ndipo timaoneka pa maikulosikopu. Madziwo akamakwera ankazizira, n'kumasiya katundu wawo m'makoma a ming'alu mpaka ming'aluyo kudzaza. Mng'alu wodzaza chotere ndiwo okumba amautcha mtsempha.

Laimu anathandiza m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kuuma kwake. Thanthwe lolimba likang'ambika, mng'alu umakhala woyasama. Thanthwe la dongo limangopindika n'kutsekanso. Choncho mtsempha womwewo umatha kukhala wotakata mamita angapo mu laimu kapena m'thanthwe la mchenga, koma ukafika pa dongo umaonda n'kutsala kamzere chabe. Okumba akale ankazidziwa zimenezi asanaphunzire geology iliyonse. Thanthwe lililonse anali atalipatsa dzina, ndipo ankadziwa kuti njira ikalowa mu Great Limestone, kwacha.

Yachiwiri ndi yoti laimu amasungunuka. Madzi aja sankangoyenda mumng'alu mokha, ankadyanso makoma ake, n'kulowerera chammbali motsata mizere ya thanthwe. Pamene adutsa, laimu ankasanduka siderite ndi ankerite, miyala ya chitsulo yofiirira, ndipo pankatsala mapanga. M'mapanga amenewa, momwe munali malo okwanira, ndimo munakulira fluorite wokongola kwambiri. Malo otere amawatcha flats chifukwa amagona chafulati, pamene mtsempha umaima chilili. Mu Great Limestone amapezeka pa misinkhu itatu: wapansi, wapakati ndi wapamwamba. Mgodi wa Boltsburn, m'mudzi wa Rookhope momwemo, unalemera ndi ma flats amenewa mpaka kutsekedwa kwake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, ndipo fluorite wake wa pepo ali m'nyumba zosungiramo zakale m'maiko ambiri.

Amene akufuna kuona zimenezi ndi maso apite ku West Rigg, pamwamba pa mudzi wa Westgate. M'zaka za m'ma 1800 anakumbapo miyala ya chitsulo mbali zonse ziwiri za mtsempha wa Slitt, koma mtsempha weniweniwo anausiya chifukwa munali quartz wopanda phindu. Lero waima pakati pa dzenje ngati khoma, ndipo kumanzere ndi kumanja kwake kuli mphako m'mene munali laimu wosandulika uja.

Pali chinanso. Mitsempha ya kuno sinaloze kumodzi. Yambiri, yoonda koma ya mtovu wochuluka, inalowera chakumpoto kwa kum'mawa. Ina yochepa, yotakata, yodzaza fluorite koma ya mtovu wochepa, inalowera chakumwera pang'ono kwa kum'mawa. Mitsempha ya Slitt ndi Red Vein ndi ya gulu lachiwirili. Groverake uli pamene Red Vein imakumana ndi mitsempha ya Groverake ndi Greencleugh. N'chifukwa chake unakhumudwitsa ofuna mtovu koma n'kusangalatsa ofuna spar.

Ndamva kuti pansi pa Weardale pali granite. Akukhudzana bwanji ndi nkhaniyi?

M'zaka za m'ma 1930 Kingsley Dunham wa ku yunivesite ya Durham anayendera migodi ndi madzala a dera lonseli, n'kumalemba pa mapu mwala umene wapezeka paliponse. Anaona kuti fluorite ali pakati, ndipo kunja kwake, mozungulira, kuli baryte ndi witherite, miyala ya barium imene imapangika madzi akazizirako. Anati ndiye kuti pakatipo, pansi penipeni, payenera kukhala granite, thanthwe lopangika chiphalaphala chikazizira pansi pa dziko, amene ankatenthetsa madziwo. M'zaka za m'ma 1950 Martin Bott ndi David Masson-Smith anayeza mphamvu yokoka ya dziko m'derali, napeza kuti ndi yocheperako, chizindikiro choti pansi pali thanthwe lopepukirapo.

Mu 1960 ndi 1961 anabowola chitsime chakuya ku Rookhope, ndipo pa mamita 390 anamupezadi granite uja. Koma anapezanso chimene sankayembekezera. Pamwamba pake panali poperepeseka ndi mvula ndi mphepo, kusonyeza kuti anakhalapo pamtunda nyanja ya laimu isanabwere. Zaka zake ndi pafupifupi 400 miliyoni, ndiye anali atazizira kalekale mitsempha isanapangike. Madzi aja sanatuluke mwa iye monga ankaganizira poyamba.

Mmene ambiri amafotokozera lero ndi motere. Granite ameneyu ali ndi uranium, thorium ndi potassium, zimene zimatulutsa kutentha pang'onopang'ono kwa zaka mamiliyoni, komanso ndi wong'ambikang'ambika. Madzi amchere ochokera m'matanthwe akuya a m'mbali ankalowa m'ming'alu yake, kutenthedwa, n'kukwera. Iye anali mbaula, ndiwo zinachokera kwina, ngakhale kuti zikuoneka kuti madziwo anatengako zina mwa iye podutsa. Dunham anaphonya pa zaka, koma granite anamupeza pamalo pomwe analoza.

Ndi miyala ina iti imapezeka limodzi ndi fluorite, ndipo ndingaisiyanitse bwanji?

Galena savuta. Ndi wotuwa, wonyezimira ngati chitsulo, ndipo mukamunyamula dzanja limadabwa, chifukwa amalemera kuposa fluorite kawiri ndi kupitirira. Akasweka amapanga timabokosi tating'ono. Sphalerite, mwala wa zinc, ndi wakuda kapena wofiirira. Pyrite ndi marcasite ndi achikasu, aja amanamiza anthu kuti apeza golide. Siderite ndi ankerite zikakhalitsa panja zimachita dzimbiri.

Ovuta ndi atatu oyera: quartz, calcite ndi fluorite wopanda mtundu. Tengani mpeni ndi viniga. Quartz ali pa 7, mpeni sumukanda, ndipo iye amakanda galasi. Calcite ali pa 3, amakandika mosavuta, ndipo mukamupala n'kudonthezera viniga pa ufa wakewo pamatuluka thovu. Laimu amachitanso chimodzimodzi chifukwa ndi calcite yemweyo. Fluorite amakandika koma satulutsa thovu. Ndiponso akabenthuka amabenthukira pangodya, kusiya kankhope kosalala ka makona atatu.

Miyala ina iwiri, aragonite woyera ndi cerussite wa mtovu, inabwera mochedwa, madzi a mvula atayamba kulowa m'migodi ndi m'mapanga.

N'zoona kuti fluorite wa ku Weardale amasintha mtundu padzuwa?

N'zoona, ndipo wotchuka pa zimenezi ndi wa ku Rogerley, kufupi ndi Frosterley. Pamenepa panali pokumbira laimu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anthu okonda miyala anapezapo ma flats, n'kutsegula kamgodi kongokumba miyala yogulitsa kwa osonkhanitsa, osati ya kufakitale. M'nyumba, pa getsi wamba, mwala wake ndi wobiriwira. Mukatuluka nawo panja m'mbali mwake mumayaka buluu wopita ku pepo, ngakhale kunja kuli mitambo.

Chimachititsa ndi tizitsulo tosowa, makamaka europium, timene tinalowa m'malo mwa calcium apa ndi apo. Timamwa kuwala kwa ultraviolet kumene maso athu saona, n'kukubweza ngati buluu. George Gabriel Stokes anafotokoza khalidwe limeneli mu 1852 ndipo analitcha fluorescence potengera mwala womwewu. Chenjezo kwa amene ali nawo: wobiriwira wina amafwifwa akakhalitsa padzuwa, ndiye pawindo si malo ake.

Kodi ndi fluoride yemwe uja amadetsa mano?

Fluorine wake ndi yemweyo, koma kugwira mwalawu kapena kuusunga m'nyumba sikudetsa mano. Vuto limabwera madzi a pansi akakhala nthawi yaitali m'matanthwe okhala ndi fluorine, makamaka madzi otentha ndi osowa calcium. Bungwe la WHO limati fluoride asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Kwathu kuno mijigo ina imapitirira mlingo umenewu, monga ku Nathenje m'boma la Lilongwe, mbali zina za Machinga ndi ku Chigwa cha Shire, ndipo ana okulira kumeneko amakhala ndi mano a mawanga ofiirira. Fluoride wochepa, ngati wa mu mankhwala otsukira mano, amalimbitsa mano. Wochuluka ndiye amawononga.

Ku Weardale chodetsa nkhawa kwambiri m'madzi otuluka m'migodi yakale ndi zinc, mtovu ndi cadmium. Okumba nawonso chinkawapha msanga ndi fumbi la quartz m'mapapo.

Ku Malawi kulinso laimu. Kodi tingapeze fluorite wotere ku Balaka kapena ku Changalume?

Laimu wa ku Chenkumbi ku Balaka, amene amaotcha kuti apange laimu wopaka nyumba, ndi wa ku Changalume ku Zomba, kumene kale kunkachokera miyala ya simenti, ndi wakale kwambiri kuposa wa ku Weardale. Anapsa ndi kufinyidwa pansi pa dziko mpaka kusanduka marble weniweni, ndiye musayembekezere kuonamo makorali kapena masitepe aja.

Fluorite alipo m'dziko muno, koma anabwera mwa njira ina. Pa chilumba cha Chilwa, ku Songwe m'boma la Phalombe ndi ku Kangankunde ku Balaka kuli thanthwe lotchedwa carbonatite. Mukalidonthezera asidi limatha kuchita thovu ngati laimu, koma silinapangike ndi zigoba za m'nyanja. Linatuluka pansi lili chiphalaphala zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Frank Dixey ndi anzake analemba za matanthwe a ku Chilwa mu 1937, ndipo anali m'gulu la oyamba kuzindikira thanthwe la mtundu umenewu mu Africa. Ku Chilwa ndi ku Songwe fluorite amapezeka m'matanthwe amenewa, ngakhale kuti chimene makampani akufuna ku Songwe ndi ku Kangankunde ndi tizitsulo tosowa tija, a m'banja limodzi ndi europium wa ku Rogerley.

Groverake unatsekedwa chifukwa fluorite anatha?

Ayi, unatha ndi msika. Fakitale ya zitsulo ya ku Consett inatsekedwa mu 1980, njira zosungunulira chitsulo zinasintha n'kumafuna spar wochepa, ndipo China inayamba kugulitsa fluorite pa mtengo umene mgodi wakuya, wofuna kupopa madzi usana ndi usiku, sukanapikisana nawo. Migodi ina ya m'chigwachi inatsekedwa m'zaka za m'ma 1980. Groverake ndi Frazer's Hush inalimbikira mpaka 1999. Lero fluorite wambiri amachokera ku China, Mexico, Mongolia ndi South Africa, kumene kuli mgodi wa Vergenoeg.

Munthu angalowemo kukaona?

Ayi. Mapampu atazimitsidwa madzi anadzaza njira zapansi, ndipo malowo ali ndi eni ake. Nsanja imaoneka bwino muli pamsewu wochokera ku Rookhope kupita ku Allenheads. Dera lonseli lili mu North Pennines UNESCO Global Geopark, ndipo malo ambiri ndi otetezedwa, choncho kugumula miyala popanda chilolezo n'kulakwa. Pamadzala akale yang'anani kaduwa koyera kotchedwa spring sandwort, kamene kamamera bwino pa dothi la mtovu pamene udzu wina umakana.

Pali chiyembekezo choti kukumba kudzayambiranso?

Pa fluorite wa kufakitale, kupopa madzi onse aja n'kukonzanso njira zogumuka ndi ndalama zambiri zedi. Okumba miyala yokongola yogulitsa apitirizabe cha ku Frosterley, koma ndi ntchito ya anthu owerengeka. Maso a makampani tsopano ali pa madzi. Mu 2004 ku Eastgate, pamalo pamene panali fakitale ya simenti imene inatsekedwa mu 2002, anabowola chitsime cha mamita 995 motsata mtsempha wa Slitt mpaka kulowa mu granite. Anapeza madzi amchere ochuluka, ndipo pansi pa chitsimecho kutentha kunali madigiri 46. Cholinga chinali kuona ngati angatenthetsere nyumba, koma madziwo anapezekanso ndi lithium, ndipo kampani ya Weardale Lithium yakhala ikuyesa kumuchotsamo kuti akapangire mabatire.